Musanathamangire rimikisi, kaimvereni kaye nyimboyo pa depoti

Mwezi wathawu kunabwera mnyamata wina ku kasitudiyo kanga ku Matawale, mwana wa pa Chanco, fulashi ili m'thumba la shati, akuti akulu nyimbo yanga ndinaitulutsa koma sikuyenda, tiipangire rimikisi mwina idzuka. Ndinaimvera kawiri iye ali phee pa mpando. Mawu mnyamatayu ali nawo, kolasi yake ndi ija ukaimva kamodzi umakapezeka ukuiimba wekha kubafa, koma kolasiyo ikufika patatha mphindi imodzi ndi masekondi 20, kutsogolo konseko kuli kapiyano kokhakokha ndi iyeyo akupereka moni kwa anzake a ku hostelo mmodzimmodzi. Nde ndinamuuza kuti achimwene, nyimbo iyi panopa sikufuna rimikisi, ikufuna sizasi. Zomwe tinakambirana tsiku limenelo mpaka dzuwa kulowa ndi zomwe ndikulemba apa, chifukwa zimandiwawa kuona ana aluso a kuno ku Zomba akutaya ndalama ya fizi kapena ya geni ya mayi awo pa nyimbo yoti yafera mu situdiyo isanatuluke n'komwe.

Poyambira penipeni ndi apa. Musanapereke olo kwacha imodzi kwa pulodusa, dzifunseni kuti nyimboyi anthu adzaimvera kuti. Osati komwe mukulakalaka ayi, komwe idzamvekedi. Kuno kwathu nyimbo imamveka pa kafoni ka mabatani ka wa kabaza pa siteji ya Chinamwali, pa kasipika ka bluetooth kometera tsitsi ku Mpondabwino, mu minibasi ya ku Limbe injini ikulira kondakitala akukuwa, mu bala ku Chikanda usiku wa Lachisanu, komanso pa ukwati nthawi ya perekani-perekani. Malo onsewa safuna nyimbo yofanana. Ya pa ukwati imafuna biti yosasinthasintha yoti amayi avine akuponya ndalama MC akulankhula pamwamba pake, ndipo mawu ake akhale oti apongozi atha kuimba nawo osagwira pakamwa. Ya mu bala imafuna besi. Ya pa TikTok imafuna kachidutswa ka masekondi 15 koti munthu avinire kapena kutsatira ndi milomo. Sankhani malo amodzi akhale kwawo kwa nyimboyo, kwinako izikapita ngati mlendo, chifukwa mukafuna kusangalatsa onse nthawi imodzi mumatuluka ndi nyimbo yopanda kwawo.

Mukadziwa zimenezo gwirani kamangidwe ka nyimboyo, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwera. Spotify, yomwe inafika kuno ku Malawi mu 2021, imawerenga kuti munthu wamvera nyimbo pokhapokha akafika masekondi 30. Akadumpha pa sekondi ya 20 ndiye kuti sanamvere, inu simupezapo kanthu. Ndipo si Spotify yokha, munthu amene mwamutumizira nyimbo pa WhatsApp nayenso ndi chimodzimodzi, ali ndi mamesegi ena 50 akumudikira ndipo chala chake chili pafupi. Nde chitani izi, ikani nyimbo maso ali pa wotchi. Pofika sekondi ya 10 mawu a munthu akhale atamveka. Pofika ya 30 kapena 40 kolasi ikhale itagunda, apo ayi tengani kamzere kamodzi ka kolasiyo mukaike koyambirira kwenikweni ngati nyambo, kenako vesi, kenako kolasi yonse. Dzina la situdiyo, la pulodusa, la anzanu a kudera, sankhani limodzi lalifupi, enawo akamveke kumapeto. Kutalika kwake mphindi ziwiri ndi theka kufika zitatu ndi pang'ono zakwana. Old Town Road ya Lil Nas X yoyambirira ija sinakwane n'komwe mphindi ziwiri. Vesi yachitatu imene mumaikonda kwambiri ija musaitaye, isungeni pambali, idzagwira ntchito kutsogoloku.

Pali munthu mmodzi yekha amene intro yaitali amaifuna, ndiye DJ. Iyeyu amafuna ng'oma zokhazokha kutsogolo ndi kumapeto, ma bar 8 kapena 16 (bar imodzi ndi kugunda kanayi kwa biti), kuti alumikize ndi nyimbo yomwe ikutha. Mupangireni yakeyake. Ndi ntchito ya mphindi 10 pa FL Studio, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira nyimbo, koma ma DJ amakukumbukira nazo.

Chachitatu ndi biti. Liwiro lake musamusiyire pulodusa yekha. Amapiano imayenda cha pa 110 kufika 115 BPM, kutanthauza kugunda kwa biti pa mphindi imodzi, afrobeats yambiri ili cha m'ma 95 kufika 110, ndipo DJ akamasakaniza amatsata nyimbo zoyandikana liwiro, nde yanu ikakhala pa 78 adzasowa poilowetsa anthu atatentha kale, azingoiika kumayambiriro mipando ili yopanda anthu. Sindikuti aliyense apange amapiano ayi, ineyo log drum, kabesi kodunda ka amapiano kaja, yanditopetsa mmene ikulowera paliponse olo pomwe sikufunika. Ndikungoti dziwani nyimbo zomwe yanu idzaime nazo pamzere. Kiyi nayo muisamale. Imbani kolasi pakamwa popanda biti, pomwe mawu anu akutuluka osakakamiza ndi pomwe pulodusa aike kiyi, osati inu muzitupa mitsempha ya pakhosi kuthamangitsa biti yomwe anapangira munthu wina. Kolasi ikakwera kwambiri gulu la anthu pa shoo silingaifikire, limangokuyang'anani.

Ndipo ife a kuno tili ndi chuma chomwe a ku Lagos ndi ku Johannesburg alibe. Pitani ku Songani, ku Domasi, ku Malosa nthawi ya zinamwali mukamve manganje mmene amagwedezera mudzi wonse, ana ndi agogo omwe, popanda sipika olo imodzi. Kapena beni. Ng'oma zimenezo zili kale m'miyendo ya anthu, simufunika kuwaphunzitsa kavinidwe. Malangizo anga ndi oti musangotenga ng'oma za mu kompyuta n'kumati ndi manganje, pezani woimba ng'oma weniweni, mubwere naye mu situdiyo, ajambule kwa mphindi zingapo, pulodusa adule pabwino n'kusanjika pamwamba pa kiki ndi besi ya makono. Mumulipire munthuyo ndipo dzina lake lilembedwe.

Za umwini wa biti musazitenge mwachibwana. Ma biti a pa YouTube olembedwa kuti ndi aulere aja, nthawi zambiri ulerewo ndi woti muziimbirapo osagulitsa. Nyimbo ikangoyamba kuyenda makina a YouTube otchedwa Content ID amaizindikira, ndalama n'kumapita kwa mwini biti, kapena nyimbo n'kutsitsidwa mawonedwe onse aja n'kupita. Mukamagula funsani poyera kuti iyi ndi lease kapena exclusive. Lease ndiye kuti wakubwerekani ndipo atha kubwerekanso anthu ena khumi, exclusive ndiye kuti ndi yanu nokha. Funsaninso ngati muli kachidutswa ka nyimbo ya munthu wina. Biti ya Old Town Road ija inagulidwa madola 30 okha kwa mnyamata wa ku Netherlands, koma inali ndi kachidutswa ka nyimbo ya gulu la Nine Inch Nails, ndipo nyimbo itakula eni kachidutswako analembedwa ngati olemba nawo. Ngati zinawapeza iwowo ku America, ife sizingatiphonye.

Tsopano kujambula mawu. Masitudiyo athu ambiri ndi chipinda cha lendi cha malata, palibe chochititsa manyazi pamenepo, kungoti muzidziwa nthawi. Jambulani m'mamawa chigayo chisanayambe kapena usiku njinga zamoto zitachepa, mvula ikamagwa pa malata lekani mudzabwere mawa. Matiresi kukhoma, bulangete lochindikala kumbuyo kwa woimba, pakamwa patalikire maiki ngati chikhatho chimodzi. Kolasi ijambuleni katatu kanayi muisanjike, ndipo ngati n'kotheka itanani anzanu asanu, amuna ndi akazi, ayankhire ngati gulu. Ife tinakula ndi nyimbo yoti mmodzi atsogole ena avomere, ku tchalitchi, ku mtondo, ku maliro, nde khutu la Mmalawi likamva gulu likuvomera pakamwa pamatseguka pokha. Autotune, pulogalamu yowongola mawu a woimba, si tchimo koma ikhale pa kiyi yoyenera ndipo isameze mawu. Chichewa chili ndi kakwezedwe kake, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika sizitchulidwa mofanana, nde nyimbo ikamalimbana ndi kakwezedwe kameneka anthu amamva ngati mlendo akuphunzira chilankhulo. Njira yoyesera ndi yosavuta, itanani mwana wa sitandade 5 amvere kamodzi, akuuzeni mawu a kolasi. Akalephera bwererani pa maiki. Ngati muli mawu otukwana jambuliranitu tsiku lomwelo ina yoyera ya pa wailesi.

Pa mixing, posakaniza mawu ndi zida kuti zimveke bwino pamodzi, ndi pomwe ndalama imapezeka kapena kutayika anthu osadziwa. Mu situdiyo muli masipika abwino, besi ikugunda pachifuwa aliyense akuti yapsa iyi. Koma kasipika ka foni sikatha kutulutsa besi yapansi kwambiri ija, ya ma Hz 100 kutsika mmunsi, kwa iko kulibe chinthu choterocho. Nde ngati mphamvu yonse ya biti yanu ili pa besi yapansiyo, ija amaitcha 808, pa foni padzangotsala mawu ndi tinthu tolira tsetsetse. Muuzeni pulodusa asanjike kabesi kena kokwererapo pamwamba pake, kapena aikande pang'ono ndi saturation, yomwe imaipatsa kamkokomo kokwererapo, kuti imveke olo pa kasipika kakang'ono. Kenako dinani batani la mono, lophatikiza mbali ya kumanzere ndi ya kumanja kukhala imodzi, mumvere. Mafoni ambiri a kuno ali ndi sipika imodzi, mabala ambiri analumikiza masipika mwa njira yawoyawo, mwina mbali imodzi yokha ndi yomwe ikugwira, nde gitala amene mwamukankhira kumanzere kwenikweni uja kwina sadzamveka n'komwe. Mawu otsogolera, kiki ndi besi zikhale pakati.

Za kukweza voliyumu pa mastering, komwe ndi kusalala komaliza kwa nyimbo, pangani mafailo awiri. Spotify imasalaza nyimbo zonse kuzibweretsa cha pa -14 LUFS, muyeso wa kufuula kwa nyimbo, nde mukaifinya kwambiri kuti ifuule iwo amangoitsitsa, inu n'kutsala ndi nyimbo yophwanyika yopanda mpweya. Ya kumeneko isiyireni malo opumira, nsonga yake isapitirire -1 dB. Koma ya pa memori kadi, pa WhatsApp ndi ya ma DJ ikhale yokwererako, chifukwa kumeneko palibe wosalaza, ikamveka motsika poyerekeza ndi yomwe yangotha dalaivala amangodumpha.

Mukamaliza zonsezi musatulutse. Kaimvereni kunja. Ine ndimaiika pa memori kadi, kukwera kabaza mpaka ku depoti, pali dalaivala wina wa minibasi za ku Liwonde amene tinazolowerana, ndimamugulira ka drinki iye n'kuika nyimbo podikira kuti galimoto idzaze. Pamenepo ine sindimvera nyimbo ayi, ndimayang'ana anthu. Tsiku lomwe tinapita ndi ya mnyamata uja titaidula kale, panali mayi wina atakhala mpando wachiwiri dengu la tomato lili pamiyendo, kolasi itagunda anayamba kugwedeza mutu zala zikugogoda pa dengu, koma vesi yachiwiri itangoyamba anasolola foni mu chitenje n'kuyamba kuimbira munthu. Kondakitala naye anatembenuka n'kufunsa kuti akuti chani apapa. Basi tinadziwa zinthu ziwiri, vesi yachiwiri yatalika ndipo mawu amira mu biti. Mnyamata uja nkhope inagwa pang'ono koma zimenezi anzake a ku hostelo sakanamuuza, iwo amangoti ndi moto aise. Tinabwerera, kudula mizere inayi, kukweza mawu pang'ono. Yesaninso pa kafoni ka mabatani, pa mahedifoni otchipa a pa msika, ndi pa sipika ya wometa.

Chotsatira ichi ndikupemphani ndi mtima wonse, tengani mafailo anu onse tsiku lomwe mwamaliza kulipira. Osati MP3 yokha. Tengani WAV (failo yosafinyidwa) ya nyimbo yonse, instrumental (biti yopanda mawu), acapella (mawu opanda biti), ndi ma stems, kutanthauza chida chilichonse pachokha, ng'oma pazokha, besi payokha, mawu paokha, zonse zoyambira pa sekondi imodzimodzi, ndipo mulembe BPM ndi kiyi pa dzina la foda. Sungani malo awiri, pa fulashi ndi pa Google Drive. Ine zinandionekera. Chaka china tinali ndi nyimbo ya mtsikana wina wa ku Sadzi yomwe inayamba kuyenda bwino m'maukwati, woimba wina wodziwika wa ku Lilongwe anaimva n'kuvomera kuikapo vesi, anangoti tumizani ma stems sabata ino. Sabata yomweyo magetsi anabwera mwamphamvu usiku n'kuwotcha hard drive yanga, ndipo kwina kulikonse kunalibe. Tinayesa kuimanganso biti koma sinamveke chimodzimodzi, pofika pomaliza mkulu uja anali atatanganidwa ndi zina, mwayi unapita. Mtsikana uja analira pamaso panga ndipo mpaka lero ndikakumana naye mu tauni mtima umandipweteka. Popanda ma stems palibe rimikisi yeniyeni.

Kenako pepala. Ndikudziwa timaopa kuti mnzathu aziti sitikumukhulupirira, koma anthu sakangana nyimbo ikafa, amakangana ikaphulika. Tsiku lomwelo mu situdiyo lembani dzina la nyimbo, amene walemba mawu, amene wapanga biti, amene waimba, ndi gawo la aliyense pa 100, aliyense asaine ndipo mujambule pepalalo pa foni. Gwirizananinso ngati pulodusa walipidwa zonse kapena ali ndi gawo, komanso ndani ali ndi mphamvu yololeza rimikisi. Mukatero kalembetseni nyimboyo ku COSOMA. Bungwe limeneli lilipo kuyambira 1992 ndipo ndi lomwe limatolera ndalama ku mawailesi ndi malo ena ogwiritsa ntchito nyimbo n'kugawira eni ake, potsatira lamulo la zokopera lomwe linakonzedwanso mu 2016. Nyimbo yosalembetsa olo iseweredwe tsiku lililonse sadziwa kuti apatse ndani.

Potulutsa musadzidzimutse anthu. Mukamagwiritsa ntchito DistroKid kapena TuneCore, makampani otumiza nyimbo pa intaneti, kuti ifike pa Spotify, Boomplay, Audiomack ndi kwina, itumizeni kukadali masabata atatu kapena anayi, chifukwa kuti muipereke kwa osankha nyimbo a Spotify pamafunika masiku osachepera 7 isanatuluke. A DistroKid kapena TuneCore aja adzakupatsani nambala ya ISRC, isungeni, ndi chiphaso cha nyimboyo. Kunja nyimbo zatsopano zimatuluka Lachisanu, kuno onjezerani nzeru ya kwathu, Lachisanu la kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, ndipo ngati anthu anu ndi ana a sukulu musatulutse Chanco itatseka kapena ali pakati pa mayeso. Ya ukwati ituluke nyengo ya maukwati isanafike, osati mu Januwale anthu akusaka feteleza ndi fizi. Yambirani pakhomo, YONECO FM ndi wailesi ya Chanco zili konkuno, pitani nokha ndi WAV kapena MP3 ya 320, yomveka bwino kwambiri ija, kenako MBC Radio 2, Zodiak, Times. Failo ilembedwe dzina lanu ndi la nyimbo bwinobwino osati final mix 3. Ndipo anyamata owotcha nyimbo mu memori kadi pa msika aja musawanyoze, nyimbo imafika ku Jali ndi ku Mayaka kudzera mwa iwowo. Kunena zoona ndalama yoyamba sidzachokera pa Spotify, kumeneko kuyambira 2024 nyimbo yosamveredwa ka 1,000 pa miyezi 12 salipira n'komwe. Idzachokera ku ma shoo, maukwati, makampani ofuna nyimbo yotsatsira malonda ndi COSOMA, ndipo zonsezi zimabwera nyimbo ikakhala pakamwa pa anthu.

Tsopano tifike pa rimikisi ija. Rimikisi ndi nkhuni zoonjezera pa moto woyaka kale, pa phulusa lozizira mungotaya nkhuni zanu. Onani zomwe zinachitika kunjaku. Calm Down ya Rema inatuluka mu Febuluwale 2022 ndipo inali ikuyenda kale mu Africa ndi ku Ulaya pomwe Selena Gomez amaikapo mawu mu Ogasiti chaka chomwecho, rimikisiyo ndi yomwe inakafika pa nambala 3 pa Billboard Hot 100 n'kudutsa 1 biliyoni pa Spotify mu 2023. Jerusalema ya Master KG ndi Nomcebo Zikode inatuluka kumapeto kwa 2019, achinyamata a ku Angola anali ataivina kale mbale za chakudya zili m'manja dziko lonse n'kutengera, Burna Boy anabwera mu Juni 2020. Muone kuti onsewa sanagwire kolasi, biti anaisiya momwemo, mlendo anangobwera kudzatsegula chitseko cha kwawo.

Nde funso loyamba ndi loti moto ulipo? Zizindikiro zake si ma like a abale anu. Ndi pomwe DJ amene simukumudziwa akuiika osapemphedwa, ana akuimba kolasi panjira, anthu achilendo akupanga nayo mavidiyo, wina wakuimbirani kufunsa mtengo wa shoo. Zikakhalapo dikirani mpaka muone kuti yayamba kuima, sikukweranso koma sinatsike, kwa ine nthawi zambiri zimakhala pakati pa mwezi umodzi ndi itatu. Mukafulumira rimikisi imadya nyimbo yake yomwe anthu n'kusokonezeka kuti yeniyeni ndi iti. Mukachedwa anthu apita kale kwina.

Funso lachiwiri, mukufuna anthu ati omwe panopa mulibe? Yankho lake ndi lomwe likuuzeni mtundu wa rimikisi. Ngati mukufuna dera lina, itanani woimba wa kumeneko, wa ku Lilongwe, wa ku Mzuzu aike vesi ya Chitumbuka, kapena wa ku Chipata ndi Lusaka komwe Chinyanja amamva kale ndipo msika wake ndi waukulu. Musasankhe chifukwa choti ndi wotchuka basi, sankhani amene anthu ake atha kuikonda nyimbo yanu ndipo mawu ake akukwana pa kiyi yanu. Ngati mukufuna malo ena, mwachitsanzo nyimbo ndi yofatsa koma mukufuna ilowe mu bala, ndiye sinthani biti mawu akhale omwewo. Cheerleader ya OMI wa ku Jamaica inatuluka mu 2012 n'kumayenda kwawo ndi malo ochepa, DJ wa ku Germany Felix Jaehn anaivula biti mu 2014 n'kuiveka ina yopepuka yothamangirako, mu 2015 inali nambala 1 ku America. Apa ndiye mungati nanga si imeneyo inadzuka ndi rimikisi, inde, koma kolasi inali yamoyo kale, chomwe chinali cholakwika ndi chovala. Ngati kolasi yanu anthu sakuigwira olo muisinthire biti kasanu sizithandiza, lembani nyimbo ina. Ndipo ngati mukufuna mbadwo wina, chitsanzo tili nacho pakhomo pompano. Agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anaimba Linny Hoo kalekale, mu 2020 anakhala pansi ndi Namadingo n'kuiimbanso pa kamvekedwe katsopano, kenako inafalikira pa TikTok mpaka maiko akutali iwo ali ndi zaka zopitirira 90. Nyimbo yomweyo, mawu omwewo, makutu atsopano.

Mukasankha, kachitidwe kake ndi aka. Mutumizireni mlendoyo instrumental yokhala ndi kolasi ndi malo opanda kanthu a ma bar 8 kapena 16, mumuuze BPM, kiyi ndi nkhani ya nyimboyo kuti asadzabwere ndi vesi yodzitama pa nyimbo yopepesa mkazi. Mawu ake abwere ngati WAV osaikidwa kalikonse kuti pulodusa wanu awasakanize mofanana ndi anu. Muikeni msanga, vesi yoyamba kapena atangotha kolasi yoyamba, chifukwa anthu ake abwera kudzamva iyeyo ndipo sadikira mphindi ziwiri. Inuyo ikanipo kanthu katsopano, vesi yachitatu munasunga ija nthawi yake ndi imeneyi. Kolasi musaigwire. Musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba lembani zomwe mwagwirizana, alandira zingati, ali ndi gawo lanji, adzaiika pa masamba ake kangati, adzabwera ku vidiyo kapena ayi, chifukwa vesi ya munthu wotchuka yomwe mwini wake sakuilengeza ndi ndalama yotaya. Perekani theka, linalo vesi ikafika. Rimikisi ndi nyimbo ina pa malamulo, imafuna ISRC yake, pepala la magawo lake ndi kulembetsa kwake ku COSOMA. Pa YouTube ikhale pa tsamba lanu, yoyamba ija musaichotse.

Nanga DJ wina akaithamangitsa kapena kuiika log drum osakupemphani n'kuyamba kuyenda pa TikTok? Musathamangire kumutukwana pa Facebook. Love Nwantiti ya CKay inatuluka mu 2019 koma inadzaphulika dziko lonse mu 2021 pa TikTok, ndipo mbali ina ya moto umenewo inachokera ku rimikisi ya ma DJ, eni nyimbo anaitenga n'kuitulutsa mwalamulo. Inunso mufuneni munthuyo, mugwirizane gawo lake, muitulutse pa dzina lanu iye alembedwe ngati wopanga rimikisi. Ndipo yothamanga ija mutha kupangiratu nokha, pulodusa angoikweza liwiro pang'ono, muiike pa TikTok inuyo anthu ena asanakutsogolereni.

Ya mnyamata wa pa Chanco uja pano ili pa mphindi ziwiri ndi masekondi 50, kolasi ikugunda pa sekondi ya 25, moni wa anzake tinamusamutsira kumapeto ndipo pansi pa kolasi taikapo ng'oma za mkulu wina wa ku Songani. Ma stems ali pa fulashi yake, pa laputopu yanga ndi pa Google Drive. Tikuitulutsanso Lachisanu la kumapeto kwa mwezi uno sukulu ili mkati. Za rimikisi tagwirizana kuti tikhala pansi pakatha masabata 6, iye akufuna woimba wa ku Lusaka, ine ndamuuza kuti tikaonere kaye ku depoti ngati kondakitala uja wayamba kuiimba.